Si njuchi, si mavu: kusiyanitsa ntchentche za m'maluwa zofanana ngati mapasa

Mukapita ku dimba lililonse la m'mbali mwa mtsinje wa Likhubula kapena Mudi ku Blantyre m'mwezi wa Ogasiti, cha m'ma 9 koloko dzuwa litayamba kufunda, kaimeni pa bedi la mpiru umene mwini wake wausiya kuti uchite maluwa adzapezepo mbewu. Pa maluwa achikasuwo pamakhala piringupiringu. Zonse zouluka pamenepo anthu amangoti njuchi kapena mavu, ndipo mwana akasendera pafupi amamukalipira kuti zimuluma. Koma yang'anitsitsani. Zina zimaima m'malere osasuntha, ngati zapachikidwa pa ulusi, kenako zimathamangira kumbali n'kudzaimanso pamalo omwewo. Zimenezo ndi ntchentche. Zilibe mbola, siziluma, zangobwereka malaya a njuchi ndi mavu kuti mbalame ziziziopa.

Pa Chingerezi amazitcha hoverfly, ndipo akatswiri a tizilombo amaziika m'banja la Syrphidae. Kuno anthu ambiri sazipatsa dzina lakelake, choncho pano tizingoti ntchentche za m'maluwa. Padziko lonse pali mitundu yoposa 6,000, ndipo ya ku Africa kum'mwera kwa Sahara ndi pafupifupi 600. Dzina la sayansi limakhala ndi mbali ziwiri, mwachitsanzo Ischiodon aegyptius. Loyambalo lili ngati chiwongo, Phiri kapena Banda, lachiwirilo ndiye dzina la mwiniwake. Chiwongo mutha kuchipeza ndi galasi la m'manja komanso kudekha. Dzina lachiwiri nthawi zina limapezeka pomwepo, nthawi zina mpaka kachilombo kaikidwe pa maikulosikopu, ndipo wodziwa ntchitoyi sachita manyazi kuimira pa chiwongo.

Pafupifupi aliyense amayamba ndi cholakwika chimodzi, kukhulupirira utoto. Chikasu ndi chakuda ndizo zimayamba kukopa maso, koma ndi mboni zonama. M'mitundu yambiri, ntchentche imene yakhala m'chikwa nthawi ya chiperoni, mu Juni kapena Julayi, imatuluka yoderapo, mizere yachikasu itachepa, pamene inzake ya mtundu womwewo yotuluka mu Okutobala imakhala yowala mbee. Yongotuluka kumene m'chikwa imakhala yotuwa, mawanga asanakhwime. Yaikazi yodzaza mazira mimba imatukuka, mizere n'kutalikirana. Yakufa imene yasungidwa masabata angapo, mafuta a m'thupi amatulukira kunja n'kudetsa chikasu chonse. Ntchentche zisanu zimenezi mukaziika pamodzi mungalumbire kuti ndi mitundu isanu. Ndiye maso anu azipita pa zinthu zimene nyengo siisintha: mitsempha ya m'phiko, maso, nkhope, tinyanga, miyendo yakumbuyo ndi m'mphepete mwa mimba.

Kodi ndi ntchentche n'komwe?

Mabuku amati njuchi ndi mavu zili ndi mapiko anayi, ntchentche awiri. N'zoona, koma mapiko a njuchi amakolana awiriawiri moti kuwawerenga pa duwa n'kovuta. Yambirani kumutu. Tinyanga ta njuchi ndi tatitali, topindika ngati chigongono. Ta ntchentche za m'maluwa ndi tatifupi, ta mfundo zitatu, ndipo pa mfundo yomaliza pamamera katsitsi kamodzi. Maso a ntchentche amadzaza pafupifupi mutu wonse. Kuseri kwa phiko lililonse kuli kanthu konga kamtengo ka machesi kakang'onong'ono, kotsalira ka phiko lachiwiri, ndipo njuchi ilibe. Chilombo chonyamula mibulu ya mungu ku miyendo yakumbuyo ndi njuchi basi, ntchentche ilibe ponyamulira. Pali gulu lina, Ceriana ndi abale ake, limene latengera mavu mpaka tinyanga tatitali ndi chiuno chowonda. Pa amenewo funani timachesi tija.

Mukatsimikiza kuti ndi ntchentche, phiko ndilo likuuzeni ngati ili ya banja lino. Liyang'aneni moloza kumwamba kowala kapena pamwamba pa pepala loyera. Pakati pa phiko, motsata utali wake, pamadutsa mzere wooneka ngati mtsempha koma wosalumikizika bwino kumapeto konse kuwiri. Umadula kamtsempha kakafupi kopingasa kamene mabuku amakalemba r-m. Mzerewu dzina lake ndi vena spuria, kutanthauza mtsempha wabodza. Chachiwiri, mitsempha ya kunsonga imakhota n'kuyenda motsatana ndi m'mphepete mwa phiko, ngati msoko wa telala, moti kunja kwake kumatsala kamzere kopanda mitsempha. Lamuloli lili ndi ophwanya ake ochepa: Syritta flaviventris ndi gulu la Graptomyza zilibe mtsempha wabodza ngakhale zili za m'banjamu.

Alendo amene amalowerera pa ukwatiwu ndi angapo. Wopusitsa kwambiri ndi Stomorhina: imakonda maluwa, yaimuna imaima m'malere, maso ali ndi mizere, msana mizere, mimba mawanga achikasu. Koma mtsempha wabodza ilibe, ndipo pathupi pake pali titsitsi tolimba ngati ta burashi, pamene ntchentche za m'maluwa zimakhala ndi ubweya wofewa kapena zosalala. Za banja la Bombyliidae nazo zimaima m'malere, koma zambiri zimatera pa dothi mapiko atatambasula, ndipo zina zili ndi mlomo wautali wosongoka ngati singano. Ntchentche yakuda imene anthu ayamba kuweta chifukwa cha mphutsi zodyetsera nkhuku ndi nsomba, Hermetia illucens, imaoneka ngati mavu koma ndi ya banja lina. Imasanjikiza mapiko pamsana ndipo pamwamba pa mimba ili ndi timawindo tiwiri toonekera.

Zida sizifuna ndalama zambiri. Galasi lokuza ka 10 ndilo lofunika koposa, ndipo limagwiridwa pafupi ndi diso, kachilombo n'kumakasendeza mpaka kaoneke bwino. Ambiri amachita mosemphanitsa, galasi kutali ndi diso, n'kumadandaula kuti silionetsa. Neti mutha kusoka nokha: waya wokhuthala wopinda mozungulira masentimita 35 m'mimba mwake, thumba la nsalu yopyapyala ya katani lakuya masentimita 70 kuti lizipindika n'kutseka pakamwa, ndi mpini wa nsungwi wa mita imodzi. Musasokere masikito a udzudzu, ali ndi mankhwala amene amapha zimene mwagwira musanazione, komanso ntchito yake ndi ina. Ntchentche ikalowa mu neti imathawira kumwamba, choncho kwezani nsonga ya thumba ndi dzanja limodzi, linalo n'kulowetsa kabotolo koonekera. Poyandikira duwa chithunzithunzi chanu chisagwere pamenepo. M'miyezi yozizira zimachuluka kuyambira 9 mpaka 11 koloko, mu Okutobala lawirirani cha m'ma 7, chifukwa dzuwa likakula zimathawira pa mthunzi. Tsiku la chiperoni khalani kunyumba.

Kabotoloko kaikeni mu firiji, osati m'chipinda choumitsira, kwa mphindi 5 mpaka 10. M'katimo muikemo kapepala kofewa, chifukwa botolo likachita thukuta ubweya umanyowa n'kumatirira, zizindikiro zina n'kusowa. Ikazizidwa imakhala phee kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Iikeni pa pepala la galafu la m'kope la masamu kuti kukula kwake kudziwike, ndipo jambulani kanayi: pamwamba, m'mbali, kumaso, ndi phiko lotambasuka. Foni wamba imakwanira mukagunditsa galasi lija pa kamera. Zithunzi zambiri zimene anthu amatumiza pofunsa dzina zimakhala za pamsana pokha, mapiko atafunda mimba, ndipo palibe katswiri angachite nazo kanthu.

Musanapitirire, dziwani ngati ili yaimuna kapena yaikazi, chifukwa zizindikiro zambiri zili pa yaimuna yokha. M'magulu ambiri maso a yaimuna amagundana pamwamba pa mutu, a yaikazi amasiya mpata. Kunsonga kwa mimba ya yaimuna kumakhala kobulungira, kopindikira pansi ndiponso kopendekera mbali imodzi, kwa yaikazi kosongoka.

Zonenepa zonga njuchi

Gulu loyamba ndi la zikuluzikulu, masentimita 1 mpaka 1.5, zimene mumazipeza pa maluwa a mango ndi mapeyala komanso pa deliya wa m'mbali mwa msewu. Chizindikiro chawo chili m'phiko: mtsempha wautali wopita kunsonga, umene amaulemba R4+5, umatsika n'kukweranso, kupanga kachigwa ngati chilembo U. Mukaona kachigwa kakuya kameneka, mitundu yonse yodya nsabwe za m'masamba mwaichotsa kale.

Tsopano maso. Akakhala achikasu kapena otuwa okhala ndi timadontho takuda ngati dzira la mbalame, kapena mizere yakuda yotsika kuchokera pamwamba, chiwongo ndi Eristalinus. Pa za maso a mizere, mayina awiri amene mudzakumane nawo kawirikawiri ndi taeniops ndi quinquelineatus. Lachiwirilo limatanthauza mizere isanu. Mizere yake ya pamsana imaoneka bwino, pamene pa taeniops imakhala yofufutika ngati chitenje chochapidwa kambirimbiri. Chenjerani apa: mizere ya pamsana imapangidwa ndi kafumbi kosalala kokhala pakhungu, ndipo ntchentche yokalamba kapena imene mwaigwira ndi zala kafumbiko kamachoka. Za maso a madontho ndiye zovuta. Eristalinus megacephalus ndi Eristalinus tabanoides zimafanana moti pa chithunzi cha foni n'kwanzeru kungolemba Eristalinus ya maso a madontho. Maso amenewa ajambuleni ntchentche ili moyo, ikauma amada ndipo madontho saonekanso bwino.

Maso akakhala a bulauni opanda dontho, ayang'aneni ndi galasi mopendeketsa ku dzuwa. Eristalis tenax, imene ili pafupifupi padziko lonse ndipo imafanana ndi njuchi yaimuna mpaka kulira kwake, ili ndi mizere iwiri ya ubweya wothithikana yotsika pa diso lililonse. Pakati pa nkhope pali mzere wakuda wotambalala, wonyezimira, ndipo msongolo wa mwendo wakumbuyo ndi wokhota, wonenepa pakati. Pouluka imalendewetsa miyendo yakumbuyo ngati njuchi yobwera ndi katundu. Mawanga a pamimba pake musawawerengere n'komwe, ena amakhala a lalanje, ena pafupifupi akuda. Phytomia ndi yojintcha, yaifupi, mutu waukulu ngati theka la mpira, maso opanda ubweya.

Chisokonezo chenicheni chili pakati pa Mesembrius ndi Eristalinus za mizere pamsana, chifukwa mukaziona pamwamba zonse zavala yunifolomu imodzi. Maso a Mesembrius alibe madontho, ntchafu zakumbuyo ndi zonenepa, koma mboni yosanama ili m'phiko. Kutsogolo kwa phiko pafupi ndi nsonga kuli kachipinda kakatali kotchedwa r1. Pa Eristalis, Eristalinus ndi Phytomia kachipindaka ndi kotseka: mitsempha iwiri imakumana isanafike m'mphepete n'kupitirira ngati umodzi. Pa Mesembrius ndi kotsegula, mtsempha uliwonse umakafika m'mphepete pawokha. Mitundu ya Mesembrius ya ku Africa inaunikidwanso mu 2021 ndi akatswiri ogwira ntchito ndi nyumba yosungira zakale ya ku Tervuren ku Belgium. Zazimuna zimasiyanitsidwa ndi maonekedwe a miyendo, timinga ndi ubweya wake, koma zazikazi zimavuta ngakhale kwa akatswiriwo.

Ana a gulu limeneli ndi mphutsi za mchira zija zimene zimaopseza anthu m'ngalande za ku Ndirande ndi Mbayani, m'dzenje la madzi a kubafa, kapena kuseri kwa khola la nkhumba. Mchirawo si mbola, ndi paipi yopumira imene imatalika ndi kufupika kuti nsonga yake ikhale pamwamba pa madzi pamene mphutsi ikudya zoola pansi. Ikakhwima imatuluka m'madzi kukafuna pouma, n'chifukwa chake nthawi zina imapezeka ikukwawa pa simenti ya kuchimbudzi, anthu n'kumaganiza kuti yatuluka m'mimba mwa munthu.

Zachikasu zowonda za m'dimba

Apa ndi pamene mlimi ayenera kutchera khutu, chifukwa mphutsi za gulu ili zimadya nsabwe za pa mpiru, repu, kabichi, nyemba ndi khobwe. Zonse zimakhala pafupifupi sentimita imodzi, zakuda ndi chikasu, R4+5 yowongoka kapena yokhota pang'ono chabe. Mutu kumbuyo kwake ndi wolowa ngati mbale, umaphimba mapewa, ndipo mapewawo mukawaona alibe ubweya. Zinthu zitatu zoyang'ana ndi izi: m'mbali mwa msana, kambale konga theka la mwezi kamene kali kumapeto kwa msana, kotchedwa scutellum, ndi m'mphepete mwa mimba.

Yofala kwambiri m'minda ya mu Africa muno ndi Ischiodon aegyptius. Msana wake ndi wakuda wonyezimira, ndipo mbali iliyonse kuli mzere wachikasu wodulidwa bwino ngati wojambula ndi lula, kuchokera paphewa mpaka kumbuyo. Scutellum ndi yachikasu, nthawi zambiri yoderako pakati. Mimba ndi yaphwatalala, kunsonga kofiirira, ndipo m'mphepete mwake muli kangalande kakang'ono kotsata mbali yonse ngati mpendero wa nsalu. Mfundo yomaliza ya kanyanga ndi yaitali, yosongokera. Mukagwira yaimuna, itembenuzeni chagada muone pamene ntchafu yakumbuyo imalumikizana ndi thupi: pali kamunga kooneka bwino ndi galasi la ka 10. Kamungako kakaoneka, mlandu watha. Pofufuza pa intaneti mudzaipezanso ikulembedwa Simosyrphus aegyptius. Ndi ntchentche yomweyo, inasamutsidwa chiwongo kwa zaka zingapo kenako n'kubwezeredwa.

Imene imasokonezedwa nayo tsiku ndi tsiku ndi Allograpta. Nayonso ili ndi chikasu m'mbali mwa msana ndi scutellum yachikasu. Kusiyana kwake, mimba ya Allograpta ilibe mpendero, mbali zake zimangopindikira pansi mosalala. Mfundo yomaliza ya kanyanga ndi yaifupi, yobulungira, ndipo yaimuna ilibe kamunga. Muiyang'anenso m'mbali: Allograpta nasuta nkhope yake imatulukira kutsogolo ngati mphuno, ndipo dzinalo likunena zomwezo. Mpendero suoneka pa chithunzi chojambulidwa pamwamba penipeni ndi kuwala kwa foni. Zimitsani kuwalako, dzuwa libwere cham'mbali, kangalande kachite mthunzi.

Eupeodes corollae ili ndi mpendero ngati Ischiodon, koma msana wake ndi wamkuwa ndipo m'mbali mulibe mzere wodulidwa bwino, mungokhala chikasu chosalongosoka. Mawanga a pamimba amakhala okhota ngati nyemba, pena olumikizana pakati, pena ayi, malinga ndi nyengo ija. Betasyrphus ndi yoderapo, mizere yake yotuwa kapena yachikasu chofooka, ndipo maso ake ali ndi ubweya wothithikana, pamene zitatu za m'mbuyomu za gulu lino maso ndi osalala. Ubweya wa m'maso umaoneka mukaika chinthu chakuda kumbuyo kwa mutu, kuwala kukuchokera kumbali. Asarkina ndi yokulirapo, mimba yotambalala ya lalanje yokhala ndi mizere yakuda yopyapyala, nkhope yakumunsi yotulukira, ndipo imakonda malo a mthunzi ngati m'mphepete mwa nkhalango ya Michiru. Ikakhala yowonda, nkhope yakuda yense ndi scutellum yakuda, ganizirani Melanostoma, imene mumaipeza pa ngayaye za udzu ikudya mungu m'mawa. Ya chiuno chowonda ngati mavu koma tinyanga tatifupi, youluka pang'onopang'ono pakati pa masamba, ndi Allobaccha.

Mapulogalamu a pafoni ozindikira tizilombo amakonda kutchula Episyrphus balteatus pa chilichonse cha lalanje. Imeneyo ndi ya ku Ulaya, Asia ndi kumpoto kwa Africa, ndipo zithunzi zake ndi zochuluka kwambiri pa intaneti moti kompyuta imathamangira dzina limene yaliona kambirimbiri. Africa ili ndi ma Episyrphus akeake, monga Episyrphus trisectus. Vuto lomweli lili ndi mabuku a ku Britain: zithunzi zake ndi zokongola, ndipo amaphunzitsa bwino ziwalo za thupi, koma mayina ake ambiri kuno sagwira. Pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti pamene anthu amathandizana kuzindikira zamoyo, ikani zithunzi zonse zinayi, lembani Syrphidae kapena chiwongo chimene mwatsimikiza, akatswiri a ntchentche za ku Africa adzapitirize okha. Dzina lolakwika likavomerezedwa ndi anthu awiri osadziwa limalowa m'kaundula, ndipo kulichotsamo kumatenga nthawi. Wofuna kiyi, ndondomeko ya zizindikiro yopezera dzina, ya magulu onse a kuno aipeza m'buku lachitatu la Manual of Afrotropical Diptera la mu 2021, limene likupezeka mwaulere pa intaneti.

Ting'onoting'ono timene ambiri satiwona

Pa chisoso ndi timaluwa tina ta m'mbali mwa njira pamakhala tina tosapitirira mamilimita 6, touluka chapansipansi. Paragus ili ndi nkhope yachikasu, thupi lakuda kapena mimba yofiira. Kufiirako sikutanthauza kanthu, mtundu umodzi umatha kukhala ndi zofiira ndi zakuda. Yang'anani m'mphepete mwa scutellum: gulu lina lili ndi timano ngati sowo. Yang'ananinso ubweya wa m'maso, ngati uli m'mizere yoyera kapena wamwazika mofanana. Zimenezi zimakufikitsani pa kagulu. Kupitirira apo, mitundu yambiri ya Paragus imasiyanitsidwa ndi ziwalo zoberekera za yaimuna pa maikulosikopu.

Syritta ndi Eumerus zonse zili ndi ntchafu zakumbuyo zotupa, n'chifukwa chake zimasokonezedwa. Syritta ndi yowonda ngati kamtengo, m'mbali mwa chifuwa motuwa ngati mwawazidwa phulusa, ntchafu yotupa kwambiri yokhala ndi mzere wa timinga kunsi. Imakonda pafupi ndi mulu wa manyowa, kumene mphutsi zake zimakulira. Eumerus ndi yojintchirapo, pamimba pali timizere totuwa topendekera, awiriawiri ngati chilembo V chodulidwa pakati, ndipo mtsempha wa kunsonga kwa phiko umathyokera m'mbuyo moloza ku thupi m'malo mopitirira kunsonga. Mphutsi za Eumerus obliquus zimakulira m'zomera zoola monga zipatso ndi mbatata.

Pali mlendo mmodzi woyenera kumudikirira. Toxomerus floralis ndi ya ku America, ndipo mu 2015 kunalengezedwa kuti yakhazikika kumadzulo kwa Africa, ku Togo, Benin, Nigeria ndi Cameroon. Mphutsi zake zimadya mungu wa dawe, udzu umene uli m'dimba lililonse. Ndi kakang'ono, kachikasu, konga Allograpta, koma kumbuyo kwa diso kuli kamphako ka ngodya zitatu kolowa m'diso. Mukaona kotere, kasungeni.

Mphutsi pa tsamba

Alimi ambiri akaona kanthu kobiriwira kakukwawa pakati pa nsabwe amathamangira mankhwala, poganiza kuti ndi mbozi. Kusiyanitsa n'kosavuta. Mbozi ya pa kabichi ili ndi mutu wolimba ndi miyendo, mukaikhudza imadzigwedeza chobwerera m'mbuyo n'kulendewera pa ulusi, ndipo pamene ili tsamba limakhala lobooka. Mphutsi ya ntchentche ya m'maluwa ilibe miyendo kapena mutu wooneka, ndi yosongoka kutsogolo, yotambalala kumbuyo, imayenda ikupukusa nsonga uku ndi uku ngati wakhungu ndi ndodo. Ikagwira nsabwe imainyamula m'mwamba, kuiyamwa, n'kutaya khungu. Tsamba siiboola. Imodzi imadya nsabwe mazana angapo isanakhwime, ndipo imadya kwambiri usiku, choncho masana ifuneni kunsi kwa tsamba kapena m'mphepete mwa mtsempha waukulu.

Kudziwa mtundu wa mphutsi, njira yodalirika ndi kuilera. Thyolani tsamba lonse ndi nsabwe zake, muike m'kontena ya majarini yotsuka bwino, pansi muyale pepala lofewa, pamwamba mumange nsalu ndi labala. Mphutsi imodzi kontena imodzi, chifukwa chakudya chikachepa zimadyana. Tsiku lililonse ikani tsamba latsopano la nsabwe kuchokera ku bedi losapopera, chotsani lakale lisanachite nkhungu, ndipo kontenayo ikhale pa mthunzi. Pakatha sabata imodzi kapena awiri mudzaona kadontho kakuda ngati phula pa tsamba. Ndi chimbudzi chake, chimene mphutsi imatulutsa kamodzi kokha ikamaliza kudya. Kenako imauma n'kukhala chikwa chonga dontho la madzi, chomatirira pa tsamba. Musachimatule. Kukafunda, ntchentche imatuluka pakatha pafupifupi sabata, kukazizira imachedwerapo. Ikatuluka isiyeni tsiku lathunthu kuti khungu lilimbe ndi utoto ukhwime, apo ayi mudzakhala mukulimbana ndi yotuwa ija. Nthawi zina m'malo mwa ntchentche mumatuluka kamavu kakang'ono kowonda, ka miyendo yakumbuyo ya mizere yoyera, yakuda ndi yofiira. Simunalakwitse. Ndi Diplazon laetatorius, kamene kamaikira dzira lake m'thupi la ntchentche ikadali dzira kapena kamphutsi. Lembani zimenezo, ndi chidziwitso chofunikanso.

Zambiri zimene mwajambula zimasuleni. Zosunga zikhale zochepa, makamaka zazimuna za magulu ovuta aja. Njira yosavuta yophera ndi kuziika m'chipinda choumitsira cha firiji usiku wonse, ndipo magetsi akazima pakati pa usiku onjezerani tsiku lina, chifukwa zina zimadzuka zili pa phini. Njira ina ndi botolo lokhala ndi thonje lodonthezera mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, thonjelo litaphimbidwa ndi pepala kuti lisakhudze ntchentche. Phini imalowa pa msana, kumanja pang'ono kwa pakati, kuti mbali imodzi ikhale yosaonongeka. Maphini a telala amachita dzimbiri ndipo ndi okhuthala, oyenera ndi a tizilombo, nambala 1 kapena 2. Ting'onoting'ono ngati Paragus timamatidwa cham'mbali pa nsonga ya kapepala kolimba kodulidwa mosongoka. Thupi likadali lofewa, tambasulani mapiko ndi miyendo, ndipo pa yaimuna kokani nsonga ya mimba ndi phini kuti ziwalo zoberekera zitulukire kunja. Ikauma simudzathanso osaithyola. Imene yada ndi mafuta iviikeni mu acetone, mankhwala osungunula mafuta, usiku umodzi, chikasu chimabwerera. Zofuna kudzapimidwa DNA zimaikidwa mu ethanol wa 96 peresenti, osati sipiriti wofiirira wa m'golosale.

Adani a bokosi ndi nyerere ndi nkhungu ya m'dzinja. Bokosi likhale lotseka bwino, m'katimo muli timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'mabokosi a nsapato, ndi kam'bulu ka naphthalene, mankhwala othamangitsa tizilombo m'zovala, komangidwa m'kansalu n'kukhomeredwa pakona kuti kasagubuduke n'kuthyola miyendo. Ku Michiru ndi malo ena otetezedwa pemphani chilolezo musanagwire kanthu, ndipo kutumiza tizilombo kunja kwa dziko kumafunanso chilolezo cha boma. Pa phini iliyonse pakhale kapepala kolembedwa ndi pensulo: Malawi, Blantyre, dera lenileni monga Chilomoni kapena Chigumula, manambala a malo ochokera pa foni, tsiku, duwa kapena mbewu imene inalipo, ndi dzina la wogwira. Mwezi ulembedwe m'mawu kapena m'manambala achiroma, chifukwa 3/8 ena amawerenga Ogasiti, ena Malichi. Dzina la mtundu lilembedwe pa kapepala kena pansi pake, kuti mukadzapeza kuti Ischiodon ija inali Allograpta mudzangosintha kameneko.